Makalendala a Lachisanu

Usiku wapitawu Elube Chimwaza analota maloto amene wawafotokozera anzake a kuntchito lero masana.

Elube ndi amene amakonza ndondomeko ya ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Limbe. Kasitomala akabwera, iye ndiye amawerengera mapepala, inki ndi magetsi, n'kutchula mtengo ndi tsiku lodzatenga katundu. Sabata ino anavomera oda yaikulu ya makalendala a bungwe lina, yoti ituluke Lachisanu. Ntchitoyo inafunika nthawi yotakasuka, koma mwini kampani, bwana Thupa, anati oda yotere munthu sakana. Ndiye Elube anaipanikiza m'masiku ochepa, n'kuika munthu mmodzi pa mashifiti onse, a Likoswe, amalume ake enieni, poti ndi okhawo amene amayendetsa makina aakulu. Amalumewo amadwala matenda othamanga magazi, ndipo dzulo Elube anawaona akuwodzera ali chiimire. Anangotembenuka n'kubwerera mu ofesi.

M'malotomo anapezeka ali pa depoti ya maminibasi, dzuwa lili paliwombo, koma anthu onse analibe zithunzithunzi. Pa magalasi a maminibasi sipanalembedwe Ndirande kapena Bangwe ayi. Panalembedwa masiku, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Ndiye Elube anali kondakitala, akupakira ntchito m'malo mwa anthu. Mabuku a malisiti anakhala anayianayi, makadi a ukwati anakhala pamiyendo pa anzawo.

Minibasi ya Lachitatu inalankhula ndi mawu a munthu wotopa. "Ndadzaza ine, achemwali. Matayalawa simukuwaona?"

"Sunthani pang'ono, malo alipo," anatero Elube, n'kukankhiramo makalendala ndi bondo, chitseko gwa! M'katimo munthu wina anabuula, koma nkhope yake sinaoneke.

Mwadzidzidzi depoti ija inasanduka chipinda chosungiramo mapepala cha kuntchito kwawo. Mitolo ya mapepala inafika kudenga, ndipo inkapuma, ikufufuma n'kuphwa ngati ng'ombe zogona m'khola.

"Mwatiwerenga?" unanong'ona mtolo wina pafupi ndi khutu lake.

"Nonse ndakuwerengani, ndi owonongeka omwe," anayankha Elube.

"Eya, tikudziwa. Pa oda iliyonse, ena mwa ife timapita kudzala makina asanagwire bwino mtundu. Inu mumaikiratu mapepala apadera, olowa m'malo mwa akufawo. Ndinu munthu wosamala."

Ndiye mtolo wapansi penipeni, wachikasu chifukwa cha kukhalitsa, unakhosomola fumbi n'kufunsa kuti, "Nanga anthu owonongeka mwaikapo angati?"

Elube anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma m'kamwamo munangotuluka tizidutswa ta mapepala, touma, tokanda kukhosi. Analavula, analavulanso, osatha. Ndiye anathawira pakhomo lina limene sanalionepo chiyambire ntchito pamenepo, n'kupezeka ali mu ofesi ya bwana Thupa.

Mu ofesimo munali mlendo, bambo Nthala, mkulu wogula katundu ku bungwe loitanitsa makalendala lija. Anavala suti ndi tayi, kalendala yachitsanzo ili m'manja.

"Mayi, mtundu wobiriwirawu si umene tinagwirizana," anatero bambo Nthala.

"Munasainira nokha, bwana."

"Ndinasaina ndili wobiriwira. Tandionani tsopano."

Elube atawayang'ana, khungu lawo linali lachikasu, kenako lofiirira, kenako lotuwa ngati phulusa. Maso anatuzuka, lina likuyang'ana iye, lina likuyang'ana kukhomo. Ndiye bambo Nthala anayamba kukwera katani ya pawindo pang'onopang'ono, mwendo umodzi kutsogolo, kuima, kugwedezeka, mwendo wina. Anali nanzikambe, koma tayi ili m'khosi. Lilime linatuluka lalitali, n'kutsomphola cholembera m'manja mwa Elube.

"Bwerezani onse," anatero ali pamwamba pa katani. "Koma tsiku lisasinthe. Lachisanu."

Elube anatembenukira kwa bwana ake kuti amuthandize. Bwana Thupa anali kuseri kwa tebulo, akutafuna. Ankatafuna kotesheni ya mitengo imene Elube analemba, pepala likulowa m'kamwa pang'onopang'ono, nsagwada zikuyenda cham'mbali. Pamutu panali pataphuka nyanga ziwiri, kuchibwano ndevu zosongoka, magalasi ali pamphuno. Inali mbuzi yaikulu ya tonde, fungo lake ladzaza ofesi yonse. Itafika pamzere wa ovataimu, inakwinya nkhope n'kulavula.

"Apa mpowawa," inatero mbuziyo. "Chotsanipo. Si amalume anu ajawa? Wachibale sadandaula."

Mwadzidzidzi belu la pa kauntala linalira, ndipo Elube anapezeka ataima pamalo olandirira makasitomala. Kutsidya kwa kauntala kunali mayi wovala duku lakuda, ataweramitsa mutu. Mapazi ake anali ndi dothi lofiira lonyowa, ngakhale kunja kunalibe mvula.

"Ndikufuna mapologalamu a maliro," anatero mayiyo motsitsa mawu.

Manja a Elube anayamba okha ntchito imene anazolowera. "Pepani ndi zovutazi, mayi. Mukufuna angati?"

"Werengerani ndinu. Mukuganiza kuti kubwera anthu angati?"

"Zitengera kuti malemuwo anali ndani. Chithunzi chikhale chamitundu kapena chakuda?"

"Chotchipa. Moyo wawo wonse apangira anthu ena zamitundu."

"Maliro ndi liti?"

"Loweruka. Lachisanu ali ndi ntchito." Mayiyo anadzutsa mutu. Anali a Nasibeko, akazi awo a amalume a Likoswe. Maso awo anali ouma, opanda msozi ndi umodzi womwe. "Ukudabwa chiyani, Elube? Ndondomeko unakonza wekha. Ife tikungotsatira."

Elube anafuna kukuwa, koma miyendo inali itayamba kale kuthamanga. Njira yopita kuchipinda cha makina, imene masiku onse ndi yaifupi, inatalika ngati msewu wa ku Zomba. Pansi panali inki yakuda yofika m'akakolo, yofunda ngati magazi, ikumata nsapato. Kutsogolo kunkamveka makina aja, chakata chakata chakata, ndiye akamayandikira phokosolo linkapita kutali, akaima linkabwera pafupi.

Atalowa, anawaona amalume ake ataima pamalo awo a masiku onse, ovolosi ili m'thupi, manja akukonza mapepala, koma maso ali otseka. Anali m'tulo. Kumapeto kwa makina makalendala ankatuluka akusanjikizana. Elube anatola imodzi. Pa Januwale, pamene panayenera kukhala chithunzi cha akuluakulu a bungwe, panali a Likoswe akumwetulira. Pa Epulo anali omwewo, masaya atalowa. Pa Seputembala anangotsala maso ndi mafupa. Pa Disembala panali ovolosi yokha, itapachikidwa pa msomali.

"Amalume! Amalume, dzukani!"

"Ndatsala pang'ono, mwana wa mlongo wanga," anayankha osatsegula maso. "Usadandaule. Sindingakuchititse manyazi kwa abwana ako."

Ndiye makina analankhula, mawu ake ochokera pansi pa simenti, ogwedeza mano. "Mapepala atha. Oda sinakwane. Ndipatseni china."

"Palibe china! Ima!" anakuwa Elube.

"Munandilonjeza Lachisanu. Ine sindiima."

Pamenepo a Likoswe anayamba kupyapyala. Mapewa anaphwa, chifuwa chinaphwa, mpaka anakhala ngati pepala lalikulu loimirira, likugwedezeka ndi mphepo ya makina. Zala zachitsulo za makinawo zimene zimakoka mapepala zinawagwira m'mphepete mwa dzanja mwaulemu, monga mmene munthu amagwirira nkhalamba poiwolotsa msewu. Elube analumphira batani lofiira lozimitsira. Analidina, koma linali lofewa ngati phwetekere wakupsa, linangophulika m'manja mwake. Anagwira amalume ake mwendo n'kukoka. Mwendowo unayamba kung'ambika, phwee, pang'onopang'ono, ndipo iwo anatsegula maso n'kumuyang'ana mwachifundo.

"Usakoke, uwononga. Palibe wina wapadera."

Ndiye makina anayamba kugunda, go! go! go! Denga likutsika, inki ikukwera kufika m'chiuno, go! go! go!

Elube anadzidzimuka. Kunja kunali kutayera. Kuseri kwa mpanda, mayi woyandikana naye nyumba ankawaza nkhuni, go, go, uku akukalipira ana kuti achedwa kusukulu.

Anakhala tsonga pabedi, thukuta lili kamukamu, n'kuyang'ana m'manja mwake. Munalibe kanthu. Anatenga foni n'kuimbira amalume ake. Inaitana nthawi yaitali.

"Halo, Elube? Kwagwanji m'mawa uno?"

"Amalume, muli kuti?"

"Kuntchito, nanga n'kukhalanso kuti? Ndalawirira kuti magetsi asanathime ndikhale nditakankhako."

Kumbuyo kwa mawu awo Elube ankamva makina, chakata chakata chakata.

"Zimitsani makinawo, amalume."

"Wati chiyani?"

"Zimitsani. Pitani kunyumba mukagone. Mudzabwere mawa, shifiti imodzi basi."

"Iwe, nanga Lachisanu?"

"Makalendala atuluka sabata yamawa. Chonde, amalume, zimitsani ndimve."

Panapita kanthawi. Kenako phokoso lija linayamba kuchepa, chakata... chakata... mpaka zii. Elube anamva amalume ake akukoka mpando n'kukhala pansi, akupumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu wolemera.

"Mutu umandiwawadi kuyambira dzana," anatero motsitsa mawu. "Koma abwana Thupa akalusa, mwanawe. Ntchito ikhoza kukuthera. Tiwauza chiyani?"

"Inu musawauze kanthu," anayankha Elube, akufunafuna nsapato pansi pa bedi ndi phazi. "Ndikawauza ndekha."