Ndinangoti Tikagone ku Kampu

Lolemba

Ndatsimikiza mtima. Loweruka lino ndimufunsira Tadala, zivute zitani. Kontrakiti yake yolera ana ku Mirdif, kuno ku Dubai, ikutha mwezi uno, tikiti yobwerera kumudzi madamu ake agula kale, ndipo Loweruka ndi Lamlungu likubwerali ndiyo ofu yake yomaliza. Ndikaphonya apa ndidzangomva kuti wakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Dedza.

Vuto ndi malo. Kutchalitchi maso ndi ambiri. Ku molo, kumasitolo akuluakulu kuja, ndi kuntchito kwanga kwa ulonda, sindingafunsire mkazi pomwe ndimathamangitsa ana osewera pa masitepe oyenda okha. Koma tsiku lina tikutuluka m'mapemphero Tadala anati, "Achimwene, ine ndasowa mapiri ndi mitengo. Kuno n'kongoona magalasi." Mawu amenewo sindinawataye.

Pa foni ndikuona azungu akugona m'nkhalango za m'mapiri, m'galimoto zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi momwemo. Amati karavani. Kunonso mapiri aliko, ku Hatta. Dongosolo ndi ili:

- karavani
- nyama yowotcha
- a Gondwe, mkulu wa mpingo amene Tadala amawatenga ngati malume ake kuno, pamodzi ndi mayi a kunyumba kwawo, kuti pasakhale zonena
- ine, ndi mawu okonzakonza

Dzina la malo sindiuza munthu. Tadala akaone yekha, adabwe.

Lachiwiri

Ndafunsa mtengo wa karavani. Ndatseka foni, ndamwa madzi. Karavani ichoke pa dongosolo.

Ndiye tenti. Mulenga, mnzanga wa ku Zambia amene amagona bedi la pamwamba pa langa, akuti ali ndi munthu wake ku magalaja a ku Ras Al Khor amene ali nayo. Kuti andithandize ndachita kumuululira zonse. Akuseka mpaka bedi kugwedera. "Iwe, uzagona musanga, kuthengo, monga mbuzi chifukwa cha mukazi? Ndipo ku Hatta ni myala chabe, mitengo uzayenda nayo?"

Ndikuyang'anitsitsa zithunzi. Mitengo ilipo, koma yochita kuloza ndi chala. Tadala anati mapiri ndi mitengo. Nanga akakafika n'kungoti "oho"?

Pali vuto linanso. Ine ndine mwana wa ku Ndirande. Tenti imene ndimaidziwa ndi ya pamaliro.

Lachitatu

Tenti yafika m'thumba lonunkha oilo. Tayesa kuiimika pakati pa chipinda. Nsalu ilipo, zingwe zilipo, ndodo zoimikira palibe. Mwini wake akuti anazibwereketsa chaka chatha, sakukumbuka kuti kwa yani. Mulenga wakatenga ndodo ziwiri za mopu kwa anyamata okolopa. Yaima, koma ngati ng'ombe yodwala.

Pa nthawi ya nkhomaliro ndalembera Tadala: "Loweruka musapange pulogalamu ina. Ndidzakutengani, tikagona ku kampu. Zina mukaona konko."

Wawerenga. Sanayankhe. Mwina ana akuvuta. Mwina madamu ali pafupi. Mwina wasangalala mpaka kusowa chonena. Foni ndikuitulutsa m'thumba pafupipafupi, supavaiza wafika pondifunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta.

Lachinayi

Ndisanawaimbire a Gondwe kuti ndiwaitane, aimba okha. Mawu awo ndi aja a pa msonkhano wa akulu. "Achimwene, tamva zachilendo. Mwana wa eni ake mukuti mukagona naye ku kampu?"

Ine mosangalala ndikuti inde, ndipo inunso ndi mayi mubwere, malo ndi ochepa koma tipanikizana.

Kenako, "Ine ndi mayi?" Foni yaduka.

Ndamuonetsa Mulenga meseji ya dzulo. Wawerenga, wakhala pansi, misozi ili chuchuchu ndi kuseka. Apa m'pamene zandilowa m'mutu. Mayo ine! Kuno munthu akati kampu, aliyense amadziwa kuti ndi ino, nyumba za kampani, momwe amuna timagona mosanjikizana, masokosi ali pa zenera, ndipo mkazi saloledwa ngakhale kusuzumira pa geti. Ine ndinkanena kampu ya azungu ija. Mawu ndi amodzi, koma Mmalawi wa ku Dubai ndani angaganize za mapiri?

Ndathamanga kukonza. Ndamutumizira Tadala mawu ojambula: "Ayi, si kampu yathu ino. Ndi kwina, kutali, kutchire, kopanda anthu." Nditatumiza ndamvetseranso ndekha. Thukuta likutuluka ndili pansi penipeni pa eyakoni, makina oziziritsa m'chipinda.

Lachisanu

Zomwe zatsala pa dongosolo:

- dalaivala wa basi ya kampani amene anati atiperekeza. Lero wangoti "inshallah", yokoka ija
- nyama, imene ndinailemba dzina m'filiji. Yachepa yokha
- ndodo za mopu, eni ake akuzifuna
- mawu ofunsirira. Ndikamayeserera ku bafa akutuluka ngati ndikupempha tchuthi

A Gondwe alemba kuti Lamlungu mapemphero akatha akulu a mpingo akufuna kucheza nane. Kucheza!

Tadala sakuyankha foni. Ndaganiza kuti mawu andipweteka kale kawiri, bola chithunzi, chimalankhula chokha. Ndajambula tenti, ndatumiza. Ndaiwala kuyang'ana kumbuyo kwake. Kukuoneka mabedi athu osanjikizana, ndi kabudula wamkati wa Mulenga ali lende pa msomali. Ndiye kuti ndamutsimikizira kuti ndi ku kampu kuno, ndipo ndamangiratu kachisakasa pakati pa amuna anzanga.

Madzulo yankho lafika. "Achimwene, sindinkadziwa kuti mumandiona choncho. Madamu apempha kuti ndiwathandize ana Loweruka ndi Lamlungu, akupita kokayenda. Ndinali nditakana. Tsopano ndavomera."

Ndaimba. Yazimitsidwa. Chakudya sichikulowa.

Loweruka

Ofu imene ndinachita kugwadira supavaiza, nayi, ndili nayo. Ndavala malaya oyera, ndakwera basi, ndatsika, ndakwera ina, mpaka ku Mirdif. Ndati ndikaima pa geti, ndikanena ndi pakamwa panga, dzina la malo ndi zonse, zodabwitsa zija zithe.

Geti lotseka. Wosamalira maluwa wandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato. Akuti achoka m'mamawa, onse, ndi ana omwe. Kuti? Wakweza mapewa.

Ndaima pamenepo kanthawi, mpaka ndaona kuti ineyo ndikanakhala pa ntchito, munthu woima chonchi ndikanamufunsa chiphaso.

Pobwera ndapeza nyama yotsala ili kale pa moto kuseri kwa nyumba. Anzanga akuti ikanawonongeka. Andipatsako kachidutswa, ndathokoza. Mulenga akuti, "Khalas, zatha basi, mwana, bakazi ni bambiri." Iye wasamukira mu tenti, akuti imatchinga mphepo ya eyakoni.

Ndikuopa mawa. Koma kwenikweni ndikuopa kuti Tadala akwera ndege akundiyesa munthu wotero.

Lamlungu

M'mawa ndikumanga tayi, foni yalira. Tadala. Zithunzi.

Waima patsogolo pa karavani yoyera, mwana wa madamu ali m'manja. Kumbuyo mapiri. Madzi obiriwira. Mitengonso ilipo, yokwanira ndithu, Mulenga ndi wabodza. Pansi walemba: "Tili ku Hatta. Tagona m'galimoto ya bedi. Nditaona mapiri ndalira, ngati ndili kwathu. Mwamuna wondilemekeza akanaganiza za malo ngati ano."

Ndakhala pa bedi, tayi ili m'manja.

Mapemphero atatha, akulu andikhazika pa mpando wapakati. Ndafotokoza zonse mwadongosolo, karavani, tenti, nyama, ndi kuti ulendo wonsewo unali wa ku Hatta. Mayi Gondwe atulutsa foni yawo, aonetsa amuna awo. Zithunzi zomwe zija, anawatumiziranso. A Gondwe apukusa mutu. "Achimwene, kulakwa aliyense amalakwa. Koma Hatta mwamuona m'mawa uno pa foni. Musawonjezere bodza."

Afunsa ngati ndili ndi mboni. Ndili nayo imodzi. Ndi mwini kabudula uja, sanapondepo m'tchalitchi chibwerere kuno, ndipo akayamba kufotokoza nkhaniyi samaliza chifukwa cha kuseka. Ndati ndilibe. Andipempherera, andiuza kuti ndiyambe ndapuma ku kwaya.

Tsopano ndili m'chipinda. Ndodo za mopu ndabweza, tenti ndapinda, mawa ndikaisiya ku Ras Al Khor. Kwa Tadala ndalemba kuti "Ndi komweko ndinkanena." Ndayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Ngakhale ine sindikanakhulupirira. Ndafufuta.

Ndatumiza kuti, "Kukuoneka kokongola. Mujambuleko mitengo yambiri."

Wayankha msanga, koyamba sabata yonseyi. "Zikomo achimwene."