Ndinakaonekera Kuchipongozi Nditavala Zakuchisanu

Pali zinthu zotchipa zimene munthu umadzazilipira ndi manyazi. Ine zinandionekera m'zaka za m'ma 1990, salaula, zovala zakale zochokera kunja, itangodzaza msika wa Chipata.

Ndinkafuna suti yoti ndikaonekere kwa makolo a Tisiyane, bwenzi langa, ku Madzimoyo. Koma malipiro a kalaliki wokhala ku Nabvutika ngati ine ankangokwana tayi. Wogulitsa wina pamsikapo atandiona ndikubweza suti yachitatu, anandikokera kuseri n'kutulutsa jekete lofiira lonyezimira, thalauza lofufuma, nsapato zofika m'miyendo ndi chigalasi chophimba theka la nkhope.

“Akulu, izi amavala azungu olemera akapita kokasangalala. Zonse pamodzi, theka la mtengo wa suti.”

(Sananame. Ine ndi amene sindinafunse kuti amakasangalalira kuti.)

Linali Lamlungu, mu Okutobala. Ndinapalasa njinga nsapato zikukana kupinda, thukuta likutsikira m'masokosi. M'tchalitchi cha kwawo kwa Tisiyane thalauza linkalira fwaa fwaa, mpaka oimba kwaya kutembenuka. Misa itatha, wansembe wachizungu anandigwira dzanja, akudziletsa kuseka.

“Mwana wanga, thabwa lake mwasiya kuti?”

“Thabwa lanji, Bambo?”

“Kwathu izi timavala potsetsereka ndi thabwa pamapiri a chipale chofewa.”

Ndinangoti zikomo, ngati wandiyamikira.

Kunyumba anandiyalira mphasa. Nditati ndinjute kuti ndipereke moni kwa bambo ake a Tisiyane, nsapato zija zinakana. Ndinagwa chagada, miyendo m'mwamba ngati kamba. Tisiyane anathawira kuseri kwa nkhokwe.

Amayi ake okha ndi amene sanaseke. Anandigwira pamphumi.

“Munthu wovala chonchi dzuwa ili, ndi malungo awa. Bweretsani bulangete.”

Ndikanatani? Kunena kuti ndatchena? Ndinasankha malungo. Anandifunditsa, n'kundimwetsa kapu yodzaza madzi a nimu, ine ndikubuula moyenera.

Madzulo bambo aja anandiperekeza mpaka kumsewu, atandibwereka malaya ndi patapata.

“Malungo anuwo ndawaona, mulibe,” anatero motsitsa mawu. “Koma munthu wopirira chonchi, munda wa thonje sungamugonjetse. Atumeni ankhoswe anu.”

Tisiyane ndinamukwatira. Suti ya ukwati ndinagulanso pa salaula, kwa munthu yemwe uja. Ananditsimikizira kuti mabatani ake agolide ndi a anthu olemekezeka, ndipo ndinamva patsiku la ukwatilo kuti inali ya mlonda wa pahotela.