Mmene Ndalepherera Kupha Bambo Sakala

Lolemba

Taipi, makina otayipira aja, yafika. Mlamu wanga wa ku Chelstone wandibwereka mpaka Lamulungu basi. Ndaiika patebulo pamene ana athu ankalembera za kusukulu asanakule.

Zonsezi zachokera m'buku lothothoka chikuto limene ndagula m'mbali mwa msewu wa Cairo, pakati pa nsapato za salaula, zakaunjika zija. Analemba ndi mayi wa ku Scotland. Kumbuyo akuti anali mphunzitsi, ntchito inamuthera ali ndi zaka ngati zanga, ndiye anayamba kupha anthu papepala, mmodzi chaka chilichonse, mpaka anatchuka. Inenso kampani ya boma itagulitsidwa anandiuza kuti ndikapume. Ndapuma miyezi isanu ndi itatu. Ndatopa nako kupumako.

Pulani yanga:
Mutu woyamba uthe sabata ino.
Wofa akhale Bambo Sakala, kalaliki wosakwatira wa pa Kabwata pano.
Apezeke m'nyumba mwake patapita masiku atatu, monga amachitira mayi uja.
Bana Chanda, mkazi wanga, aone kuti sindinathe.

Lachiwiri

Masamba awiri. Bana Chanda awerenga ataimirira, nsalu yopukutira mbale ili paphewa.

"Bashi Chanda, masiku atatu? Pa Kabwata? Kulibe anabwela kupempha mcele?"

Ndati ku Scotland zimatheka. Kuti ndiwatsutse, ndatseka chitseko ndi mawindo, ndakhala chete ngati mtembo, wotchi ili m'manja. Mphindi khumi ndi imodzi zokha! Woyamba kugogoda ndi mayi wa vitumbuwa. Kenako olalikira awiri. Kenako Bana Mutale, oyandikana nafe, akufuna simbi. Nditapanda kuyankha asuzumira pamwamba pa katani: "Mwadwala? Niitane anthu?"

Lachitatu

Ndawasamutsira ku Kabulonga Bambo Sakala. Kumeneko kuli mipanda, munthu angafe mwaulemu.

Ndakwera minibasi kukaona malo. Makoma aatali, mabotolo osweka pamwamba, agalu. Ndikuyang'ana pamene wakupha angakwerere, mlonda watulukira.

"Ba mdala, mufuna ndani?"

Ndamufotokozera za bukulo. Wandipatsa mpando, wawerenga ndi zala anthu okhala kuseri kwa mpandawo: wophika, wa m'dimba, iye mwini, akazi awo, ana, ndi apongozi a bwana amene anabwera kudzaona chipatala chaka chatha. "Bwana akachedwa kuuka na ola imodzi, tonse tili pa windo."

Ndikufika kunyumba, Bana Chanda akudziwa kale kuti ndimasuzumira mipanda ya eni. Mkazi wa mlondayo amapemphera ndi msuweni wawo. Mawu andipitirira panjira, ine ndili m'minibasi!

Lachinayi

Bambo Sakala abwerera ku Kabwata. Ndasiya za masiku atatu. Poizoni mu tiyi, basi. Chinsinsi chikhale pa amene wathira.

Masana ndikumva kuseka kuseri kwa nyumba. Bana Chanda akuwerengera anzawo masamba anga pa waya woyanikira zovala. Sanafike n'kumapeto kwa tsamba lachiwiri, Bana Mutale akuti: "Wathira ni mulamu wake wa Sakala uja. Afuna nyumba, si kanselo iyamba kugulitsa manyumba?"

Ndi yemweyo. Ine ndimafuna kumubisa mpaka tsamba la mazana awiri. Wapolisi wa mayi wa ku Scotland amavutika buku lonse, kumwa, kusudzulidwa, kunyowa ndi mvula, kuti apeze chimene amayi anayi apeza akuyanika mabulangete.

Lachisanu

Ndawapha. Theka la tsamba. Kapu yagwa, iwo agwa.

Bana Chanda awerenga, akhala pansi, sanaseke. Afunsa: "Amai ake mwawauza?"

Ndati alibe amayi.

"Munthu alibe amai? Nanga alongo? Uthenga pa wailesi apeleka ndani? Moto akoleza ndani?"

Ndatsegula buku lija kuti ndione mmene mwini ntchito amaikira maliro. Mizere iwiri. Anthu anayi pamanda, mvula, wansembe akuyang'ana wotchi. Ndawerenga kachiwiri, mwina ndalumpha tsamba. Anayi! Poyamba paja ndinadutsapo osaona kanthu. Lero ndakumbuka maliro a bambo anga, malole atatu, amayi a mpingo akuimba mpaka mawu kusasa, ndi munthu wina wosamudziwa amene anandigwira paphewa njira yonse.

Bambo Sakala amavala jekete yofanana ndi yanga. Ndinawapatsa ndine Lolemba, osaganiza.

Ndafufuta mzere womaliza. Angokomoka.

Loweruka

Amayi a pa waya aja abwera okha, anayi, ndi mipando yawo. Akuti vuto la Bambo Sakala si poizoni ayi, koma kukhala okha. Mwamuna wokwatira samwa tiyi wa mlamu.

Awapezera kale mkazi. Namwino wa ku Woodlands, wamasiye, wodekha, ali ndi firiji.

Ndati munthuyu kulibe, ndinamupeka ndine.

"Ndiye mumupeke bwino," atero Bana Mutale. "Asiye fodya. Mwana wa eni sangakwatiwe na munthu wonunkha."

Ndatayipa, iwo akunena. Akangana za diresi, za nyimbo yolowera, za amalume a ku Chipata amene sindinawamvepo. Masamba asanu ndi anayi, kuposa sabata yonse. Riboni yayamba kufuwa.

Lamulungu

Ndabweza taipi, nditaikumbatira pamiyendo mpaka ku Chelstone. Mlamu akufunsa: "Mwapha angati?" Ndati palibe. Akuti boma likanandisunga pa ntchito, ndilibe vuto ndi munthu.

Pobwerera ndayang'ana chithunzi cha mayi uja kumbuyo kwa buku. Wakhala pawindo, yekha, atavala juzi. Mabuku onsewo analemba popanda womugogodera. Sindikudziwa ngati ndimusirire kapena ndimumvere chisoni.

Buku la zakupha sindidzalemba, ndavomera. Koma masamba aja Bana Chanda awaika m'sutikesi ya pansi pa bedi, momwe muli masatifiketi a ana ndi chikalata cha ukwati wathu. Potuluka m'tchalitchi ndawamva akuuza mkazi wa mkulu wa mpingo kuti amuna awo masiku ano ali bize, alemba.

Ukwati wa Bambo Sakala akuti ukhale kukayamba kufunda. Ine andiika unkhoswe.