Khutu la Mkwatibwi

Mpaka lero ndikamva munthu akuti "sekererani, ndikujambula," ndimasowa pobisala. Akazi anga akuti nkhaniyi ndikanafa nayo, koma kwathu kuno ku Samanga aliyense akuidziwa kale, ndiye ndibisiranji.

Kamera yanga ndinaigula kwa mkulu wina wothawa nkhondo ya ku Mozambiki, amene ndinakumana naye ku Gaza, ku Chipinge. Inali ya ku Russia, yachitsulo, yolemera ngati mwala wonolera. Inali ndi maso awiri omanga ndi kumasula, lina lalifupi, lina lalitali ngati chitsononkho. Panalinso kagalasi kena kakang'ono koika pamwamba.

"Achimwene, mukamanga diso lalitali muziyang'anira mu aka," anatero mkuluyo.

Ndinagwedeza mutu, koma maganizo anali pa kulira kwa kamerayo ukaidina. Kabuku ka malangizo kanaliko, kolembedwa m'zilembo za kwawo (ine ndinali nditangophunzira kumene kuwerenga kusukulu ya akuluakulu pa esiteti ya tiyi, imvi zitayamba kale, ndiye kuona zilembo zina zitayang'ana kumbuyo ndinangotseka).

Ndi diso lalifupi zinthu zinayenda. Umasuzumira pakawindo ka pakona, munthu n'kuoneka awiri, n'kumapotoza disolo mpaka awiriwo akhale mmodzi. Ndinajambula anzanga othyola tiyi m'chigwa cha Honde muno, zithunzi n'kutuluka bwino. Mutu unakula.

Kenako unabwera ukwati wa Chipo, mwana wa malemu achimwene anga. Pa maliro a achimwenewo ine sindinafike, pa zifukwa zimene sindinyadira nazo, ndipo alamu anga, mayi a Chipo, ankangondipatsa moni wa m'njira kuyambira pamenepo. Ndinaona kuti mpata wokonza zinthu ndi uwu.

"Alamu, musavutike ndi wojambula wa ku Mutare. Ndijambula ine."

"Inuyo?" anatero, akupeta nyemba osadzutsa mutu. "Mufika?"

Mawuwo anandilasa. Ndinalumbira kuti ndifika, ndipo wojambula wa ku Mutare sanaitanidwe.

M'mawa wa tsikulo ndinamasula diso lalifupi n'kumanga lalitali. Akazi anga anafunsa, "Bwanji osagwiritsa lomwe munalizolowera?"

"Tsiku lalikulu, diso lalikulu," ndinayankha. Kagalasi kakang'ono kaja ndinakasiya m'chikwama, poti kankaipitsa maonekedwe a kamera.

Pakawindo zonse zinkaoneka bwino lomwe: akwati kuyambira kumutu mpaka nsapato, abusa, makolo, ndi mapiri a tiyi kumbuyo. Ndinasendera pafupi kuti nkhope zioneke. Ndinkalamula anthu ngati kapitawo, ngakhale abusa ndinawauza kuti aweramitse chibwano.

Filimu ndinaitumiza ku Mutare kudzera kwa kondakitala wa basi. Lamlungu lotsatira, pakati pa ulaliki, mawu a mkulu wa ku Gaza anandibwerera. Nditafika kunyumba ndinatulutsa kagalasi kaja, ndinasuzumiramo, n'kuloza akazi anga amene ankachapa pabwalo. Pakawindo ankaoneka thupi lonse ndi beseni lomwe. M'kagalasi munkaoneka chigongono chokha.

Kuyambira pamenepo chakudya chinaleka kulowa. Basi ikalira kumsewu ndinkapemphera kuti kondakitala ataye filimuyo.

Sanataye. Envulopu ya zithunzi ndinakaitsegulira kuseri kwa golosale ku Hauna. Choyamba, tayi ya abusa. Chachiwiri, lamba wa mkwati. Kenako manja awiri atagwira mpeni, keke osaoneka. Mabatani, mapewa, chibwano chimodzi cha munthu amene mpaka pano sitikumudziwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti zonse zinatuluka zowala bwino, moti ulusi wa tayi mukanauwerenga.

Ndinaganiza zonena kuti filimu inapsa.

"Maliro munathawa," anatero akazi anga. "Ichinso muthawe?"

Ndinapita nazo kwa alamu. Alamu anayala zithunzizo pamphasa chimodzichimodzi. Chipo anazisanthula kawiri, kenako n'kufunsa ine, bambo ake aang'ono.

"Babamudiki, nkhope yanga ili pati?"

"Mwanangu, tingathe kubwereza. Ungovalanso diresi lija."

"Linali lobwereka. Lapita kale ku Mount Selinda, wina akwatiwa nalo Loweruka."

Alamu anatola chithunzi chimodzi. Munali khutu la Chipo, ndolo, ndi kansonga ka chophimba kumutu. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Khutu ili ndi la bambo ake," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Ntchito mwaipha, alamu. Koma kufika munafika. Chipo, apatse tiyi bambo akowa asanakomoke."

Musaganize kuti ndinapulumuka. Chithunzicho anachiika m'felemu n'kuchipachika pabalaza, moyang'anizana ndi chitseko. Mlendo aliyense akafunsa kuti ichi n'chiyani, amayankha mwaulemu kuti, "Ndi ukwati wa mwana wanga. Anajambula ndi alamu anga, awo akhala apowo."

Ndinaphunzirapo kuti wogulitsa akamalankhula uzimvetsera. Komabe mwana wa Chipo akukwatiwa chaka chino. Palibe wandiuza kuti ndibwere ndi kamera, ndipo ndikafunsa za tsiku amasintha nkhani, koma diso lalitali lija ndayamba kale kulipukuta.