Manja a NyaLuhanga ndi Nsalu Yanu Yoyera

Nkhamanga,
Bolero, Rumphi.
11 Malichi 2019

Kwa Bwana Mkulu Woona za Mapulogalamu,
Wailesi ya Kanema ya Diso la Fuko.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi chipewa chili pabondo. Ine ndine Hezron Chavula, mphunzitsi wa Sitandade 5 kuno ku Nkhamanga, munthu wamba amene ku koleji anangolawako pang'ono maphunziro a nthano. Lamulungu lililonse ndimasimbira ana nthano ku Sande Sukulu, ndipo ndinkadziyesa katswiri mpaka munatibweretsera sewero lanu la Ufumu wa Nsalu Yoyera. Tsopano ndadziwa msinkhu wanga. Nthano zanga ana amaziiwala asanatuluke pabwalo la tchalitchi. Zanu amapita nazo kunyumba n'kukazigwiritsa ntchito.

Ana a m'mudzi muno amaonera seweroli Lamulungu masana kwa a Laws Mhango, amene ali ndi sola ndi dishi. Poti mwina misonkhano imakuchulukirani moti simupeza mpata woonera zomwe mumaulutsa, ndikukumbutseni. Muli Chiyero, mwana wamasiye wa mfumu, amene wayenda m'nkhalango magawo makumi atatu osadetsa chidendene. Muli mayi womupeza, Nachimdima, amene ntchito yake n'kuthira mankhwala m'zakudya. Ndiye muli nsalu ija: woyera mtima akaigwira imawala, woipa akaigwira imada. Lolani ndithokoze mwadongosolo.

1. Zikomo potipeputsira ntchito yozindikira anthu oipa. Kale tinkavutika, bwana. Munthu unkakhala naye zaka khumi, kudya naye, kuimba naye kwaya, n'kudzamudziwa mochedwa. Akuluampingo ankatha tsiku lonse akufunsa mboni. Inu mwatisonyeza kuti woipa amavala zakuda, amatsimphina, ali ndi chipsera patsaya, ndipo akamaseka amayang'ana kudenga. Wabwino ndi wosalala nkhope, satuluka thukuta, ndipo mbalame zimamulozera njira. Ine mbalame zimangondithera mpendadzuwa kumunda, ndiye mbali yanga ndaidziwa.

2. Zikomo chifukwa ana athu ayamba kafukufuku. Anapeza kansalu koyera, nayamba kuyenda khomo ndi khomo kupima mitima ya anthu. Vuto n'lakuti mwezi uno kuno tikuthyola fodya. Mwina simunagwirepo tsamba la fodya laliwisi. Lili ndi utomoni wakuda umene umakanirira m'manja moti ngakhale sopo amabwerera. Zotsatira zake ndi izi. A Overton, amene akhala mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri, agwa. Amayi a Umanyano, bungwe la amayi la mpingo wathu, omwe amasamala odwala ndi maliro a mudzi uno, agwa onse. Wapambana ndi Amock, amene khasu anasiyana nalo chaka cha riferendamu, amene amafika pa bawo dzuwa lisanatenthe, amene nkhuku za anthu zikamuona zimayamba kutsanzikana. Manja ake ndi ofewa ngati a khanda. Ana akumugwadira tsopano, ndipo iye sakukana.

Inenso ndinapambana, chifukwa cha choko. Nditaigwira nsalu inayera kuposa kale. Akazi anga anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunena kuti, "A Chavula, inu woyera mtima? Nanga amene ananena kuti akupita ku msonkhano wa aphunzitsi n'kukapezeka ku mpira ku Boma anali ndani?" Tsiku limenelo anali asanapimidwe iwo.

3. Apa ndiye ndithokoze nditaimirira. Ndili ndi mwana wamkazi, Thandi, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi ake omubereka, Muriel, anatisiya iye asanayambe kulankhula bwino. Patapita zaka ziwiri ndinakwatira Lois NyaLuhanga. Ndi Lois amene anamuphunzitsa kumanga chitenje, kuchotsa minga ya usipa, ndi pemphero la pa chakudya. Thandi atadwala malungo, Lois anamubereka kumbuyo kuchoka kuno mpaka pamsewu, mvula ikugwa. Mwanayo ankamutcha amama, ndipo panalibe wina anamuuzapo kuti atchule mwina.

Masabata atatu apitawo Lois akuchokera kumunda, Thandi anamuchingamira pakhomo atanyamula duku loyera la Umanyano la Lois yemweyo. Lois anayesa kuti mwana walitola pansi. Anathokoza nati, "Yewo, mwana wanga," n'kulilandira. Zala zisanu zinatsala pa dukulo, zakuda bii. Thandi anandiyang'ana n'kunong'ona kuti, "Adada, mwaona? Nsalu yada."

Kuyambira tsiku limenelo sakudya cha m'manja mwa Lois. Amakadya kwa azakhali ake a Caroline, kutsidya kwa dambo. Mbatata imene Lois amamukulungira ya kusukulu amaipatsa galu wa pachipata, n'kumamuyang'anitsitsa. Galuyo wanenepa moti kuuwa kwayamba kumutopetsa. Dzina la amama linatha. Tsopano akuti "a NyaLuhanga", mwaulemu wonse, ngati akulankhula ndi mlendo wodzagula nkhuku.

Ndinayesa nzeru za ku koleji. Ndinamusonyeza Thandi galu uja kuti ali moyo. Anandiyankha kuti m'gawo la khumi ndi chisanu ndi chinayi mankhwala a Nachimdima anatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti agwire. Zikomo pa gawo limenelo. Ndinadya pamaso pake, kumaliza mbale yanga ndi yake yomwe. Anati izo sizikutanthauza kanthu, chifukwa nsalu inandipeza woyera, ndipo m'gawo la makumi awiri ndi chinayi munanena kuti woyera mtima mankhwala samugwira. Olemba anu ndi anthu osamala chomene, bwana. Sanasiye kabowo ngakhale kamodzi koti bambo n'kulowerapo.

Nditafuna kukalipa, Lois anandigwira mkono. Anati, "Musamukalipire. Iye waona ndi maso ake." Koma masiku ano akabwera kumunda amayamba wapita kuseri kwa bafa, n'kumakwecha manja ndi mchenga ndi mandimu asanakhudze yunifolomu ya mwanayo. Zala zang'ambika. Fodya yemweyo ndi amene anagula yunifolomuyo, koma zimenezo m'sewero lanu mulibe, ndiye kwa Thandi sizinachitike.

4. Ndisakunamizireni. Amayi opeza ankhanza si inu munawayambitsa. M'nthano zathu alimo, ndipo inenso ndawasimbapo. Koma ine ndikamasimba ndimaona nkhope. Ndikaona kuti pa benchi yachiwiri pali mwana amene akuleredwa ndi mayi womupeza, nkhani ndimaikhotetsa: woipa amasanduka fisi, kapena amalume aumbombo, malinga ngati amalume a mwanayo sali pawindo. Ndipo m'nthano zanga wabwino amabako mango, amanamako, amachita manyazi n'kupepesa, chifukwa ana amene ndimawasimbira ndi otero. Bokosi lanu siliona nkhope. Limalankhula chimodzimodzi kwa mwana wa mu tauni amene manja a mayi ake amanunkhira mafuta odzola ndi kwa Thandi wa ku Nkhamanga. Sindikukudzudzulani ayi. Ndikungosirira mtendere wa munthu wosimba nthano atatembenukira kukhoma.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Sindikupempha kuti musinthe sewero. Ndani ine kuti ndidetse Chiyero? Sindikupemphanso gawo limodzi lokha loti mayi womupeza aphike, mwana adye, onse akagone ali moyo, chifukwa ndikudziwa kuti zotere sizikoka otsatsa malonda.

Ndikupempha inuyo, bwana. Kwerani minibasi ku Mzuzu, mutsike pa Boma, mufunse za ku Bolero. Aliyense akulozerani kwa Chavula wa choko. Lois adzaphika futali, inu mudzadye pamaso pa Thandi. Tikusowa munthu amene mwanayu angamukhulupirire, ndipo palibe woposa mwini wake wa sewero. Tikusowanso munthu amene mankhwala angamugwiredi ngati alimo, ndipo titakambirana ndi akuluampingo taona kuti pa mbali imeneyonso simungatikhumudwitse.

Miyezi isanu ndi iwiri yodikira zotsatira mudzakhala nafe konkuno. Malo ogona alipo, ndipo simudzasungulumwa: fodya wofuna kusoka wadzaza chigafa. Mukadzafa, amayi a Umanyano alonjeza kuimba bwino. Mukadzakhala moyo, mudzangomuuza mwanayo mawu awiri, kuti apite kukhitchini akaitane amama ake.

Ine wanu wogonjera mpaka pansi,

Hezron Chavula
Mphunzitsi, ndi woyera mtima mwa ngozi