Siliva wa m'Palafini

Nzeru yonseyi inabadwira kwa mayi Jesinta, kuseri kwa khola la nkhumba kumene ankatchezera kachasu mobisa. Linali tsiku lachiwiri la Malichi, nkhungu ya m'Phiri la Dedza itatsikira m'minda ya mbatata, ndipo amuna atatu anali atazungulira botolo limodzi ngati nkhuku pachitsononkho.

Mkulu wa gululi anali Gerevazio, wotchedwa Pulofesa chifukwa anapondako Fomu Wani pasukulu ina ya mishoni asanamuthamangitse. Wachiwiri anali Ezara, amene anzake ankamuti Mphenzi pomunyoza, poti ankatha kuyamba kuyasamula m'mawa n'kudzatseka pakamwa masana. Wachitatu ndiye wathu Kenan, wotchedwa Chigubu chifukwa cha mimba yake, mkamwini wa pamudzi pa akazi ake a Dorika.

Kenan anali pampanipani. Chichitikireni nkhani ya mbuzi ya akatekisiti, imene a Dorika anaikwirira movutikira, anamuuza maso ndi maso kuti akadzabanso ngakhale singano adzanyamule bulangete lake azipita kwawo. Apongozi nawo sankatopa kumukumbutsa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Koma Kenan ankawakonda a Dorika, ndipo zimenezi ndikunena mosaseka. Ankangolota tsiku lodzakhoma malata panyumba yawo kuti mudzi wonse umupatse ulemu. Vuto lake linali lakuti iye ndi khasu sankamwerana madzi.

Pulofesa anatsitsa mawu n'kuwafotokozera za chipinda cha sayansi cha pasukulu paja. M'kabati yokiya, iye anati, muli botolo la palafini, ndipo m'palafinimo mwamira zibulumwa zotuwa. Anaona ndi maso ake aphunzitsi a sayansi, a Bulaza Norbert, akutola chimodzi ndi chopanira, n'kuchicheka ndi mpeni ngati sopo, ndipo mkati mwake munawala kuposa ndalama yatsopano.

"Siliva wamuwisi ameneyo, aise. Sanakhwime," anatero Pulofesa. "Chinthu chachabe angachikiyire? Angaope kuchigwira ndi manja? Apwitikizi a kutsidya kwa malireku akangomuona, iwe Chigubu malata ukhoma mpaka pachimbudzi."

Kenan anafunsa chimene a Bulaza anachita atatha kucheka. Pulofesa anayankha kuti iye anatulutsidwa m'kalasi nthawi yomweyo pamlandu wotafuna nzimbe, koma zotsalazo zinali zongokopera pabolodi basi. Mwana aliyense amene anakhala pansi mpaka belu kulira akanawauza kuti chinthucho dzina lake ndi sodiyamu, ndipo sachiika m'palafini pofuna kuchilemekeza. Tsoka lake panalibe mwana wotero pakhola la mayi Jesinta.

Tsiku anasankha Pulofesa yemweyo. Mawa lake linali lokumbukira anthu ofera dziko, ndipo zaka zimenezo tsikuli linalibe masewera. Munthu sunkalima, kusinja, kuchapa kapena kuseka mokweza. Aliyense ankakhala m'nyumba n'kumamvera nyimbo zachisoni pawailesi, anyamata a chipani, a Yufi, akuzungulira ndi zibonga kusaka wophwanya lamulo. Ana a sukulu akakhala ali m'tchalitchi, mlonda ali kwawo. Kenan anaona kuti munthuyu sukulu inamupindulira ndithu.

Masana a tsikulo anadzera m'nkhalango ya paini kupita kusukulu kuja. Mphenzi anamusiya pansi pa mtengo kuti aziyang'ana njira, ndipo asanafike n'komwe pakhoma anamumva akuliza mkonono. Pulofesa anakanganula zenera, nalowa ngati buluzi. Chigubu anakakamira pamimba, miyendo kunja, mutu mkati, maso ake ataphana ndi njoka yakufa imene inali m'botolo pashelefu. Anachita chizindikiro cha mtanda ali chilendewerere. Pulofesa atamukoka mpaka mabatani kuthothoka, ndi pamene anaona kuti chitseko chinali chongotseka ndi kawaya.

Kabati anaithyola, botolo analipeza, nalikulunga m'jekete. Anagwirizana zopita kwa Kenan chifukwa nyumba yake inali kumapeto kwa mudzi, ndipo a Dorika anali kwa mayi awo kumene kunali wailesi.

M'khitchini mwa a Dorika, Pulofesa anatsegula botolo nanunkhiza, nakwinya mphuno. Anati Mpwitikizi ndi munthu waukhondo, sangagule katundu wonunkha palafini komanso wotuwa chonchi. Siliva ayenera kusamba. Mphenzi, amene sankataya kanthu, anakhuthulira palafini yense m'mbale kuti akathire m'koloboyi yake, naiika pambali. Kenan anakoka beseni latsopano la akazi ake, lodzaza ndi madzi a mvula.

Pulofesa anapendeketsa botolo, zibulumwa zonse n'kugwera m'madzi.

Siliva anakana kumira. Anayandama, nayamba kuthamanga pamwamba pa madzi uku akulira ngati mafuta m'chiwaya.

"Mwaona? Ngwamoyo," anatero Pulofesa monyadira. "Akukhwima."

Sanamalize bwino. Panabuka lawi lachikasu, kenako phuu! Beseni linakagunda denga, mbale ya palafini inayaka, ndipo udzu wa mkati, umene unali wouma ndi utsi, unalandira moto ndi manja awiri. Kachibulumwa kena kanagwera pafupi ndi khomo kakufuka. Kenan anachita zimene munthu aliyense woleredwa bwino amachita akaona moto: ananyamula mtsuko n'kukathira madzi. Kanaphulikanso.

Patsiku limene ngakhale tambala ankalira mwamanyazi, phokosolo linamveka mpaka ku Kasina. Atatuwo anatuluka chokwawa, nsidze zitapserera, n'kupeza mudzi wonse uli pabwalo. Kutsogolo kunali a Ignasio, tcheyamani wa chipani m'deralo, ndi anyamata awo a zibonga. Mphenzi anayesa kuthawa, koma anagwidwa ndi mayi wina woyembekezera.

A Ignasio anayang'ana khitchini ikugwa, nayang'ana amuna atatuwo, nafunsa mofatsa kuti anawatuma kupanga mabomba patsiku ngati limeneli ndani. Anati malire ali pafupi, ndipo zigawenga zimadziwika ndi ntchito zake.

Mawu akuti zigawenga atangomveka, anthu anabwerera m'mbuyo. Mbava imapita kundende n'kubwerako itanenepa ndi nyemba, koma chigawenga ankachikweza galimoto yopanda mazenera, ndipo abale ake ankaleka ngakhale kutchula dzina lake. Pulofesa anayamba kulongosola za siliva ndi Apwitikizi, ndipo a tcheyamani atamva za Apwitikizi anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene amafuna.

Kenan anaona a Dorika ataima pambali pa mayi awo, manja ali m'chiuno. Anadziwa kuti chimene chingamupulumutse kwa a Ignasio ndi chomwecho chimene chimuchotse pamudzi. Anagwada m'matope.

"Bwana tcheyamani, ife ndife mbava chabe. Taba kusukulu. Ndale sitizidziwa, ife n'kuba basi."

A Ignasio anati chigawenga chilichonse chikagwidwa chimadzitcha mbava. Anafuna umboni.

Anatuma munthu kukaitana a Bulaza Norbert, amene anafika akukankha njinga poopa kuti kupalasa kungakhale ntchito. Anatola botolo lopanda kanthu lija, limene linaulukira pabwalo, napumira m'mwamba. Anafotokoza kuti sodiyamu ndi chitsulo ndithu, koma chikakumana ndi madzi chimatulutsa mpweya woyaka ndi kutentha kwambiri, n'chifukwa chake amachimiza m'palafini kuti chinyezi chisachikhudze. M'kalasi amaponyamo kachidutswa kochepa ngati njere ya mapira, ana ataima patali. Kenako anamuyang'anitsitsa Pulofesa.

"Gerevazio, si iwe wa nzimbe uja? Ukanangodikira pang'ono."

A tcheyamani sanakhutire. Anati a Bulaza achitira umboni chitsulo, koma ndani achitire umboni anthuwa? Apongozi a Kenan anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

A Dorika ndiwo anatuluka pagulu.

"Awa ndi amuna anga, ndimawadziwa. Mbuzi ya akatekisiti anaba ndi iwowa, ndinakalipira ndine. Nkhuku za kwa a Magadalena ndi iwowa. Bomba angapange awa? Mpini wa khasu umawakanika kukhoma."

Anthu anafuna kuseka, koma pokumbukira tsiku anangotsokomola. A Magadalena anatsimikiza za nkhuku, wina anakumbukira za mbatata zake, ndipo posakhalitsa mudzi wonse unali kulimbirana kuchitira umboni kuti Kenan ndi mbava yeniyeni, yodziwika, yosakayikitsa. Iye anali chigwadire, akuthokoza aliyense ndi misozi. A Ignasio anagonja monyinyirika, nalamula kuti atatuwo apite kupolisi ku boma pamlandu wakuba, komanso wotsuka zinthu patsiku loletsedwa.

Akuwamanga chingwe chimodzi, a Dorika analowa m'nyumba, natuluka ndi mtolo. Kenan mtima unakhala pansi, poganiza kuti ndi kamba wa paulendo.

"Mwandipulumutsa, mayi," anatero. "Ndikatuluka ndidzakhala munthu wina."

A Dorika anamusenzetsa mtolowo pamutu, poti manja anali omanga, naukonza bwino kuti usagwe. Maso awo anali ofiira.

"Mudzakhale munthu winayo kwanu," anatero.