Chikhadabo cha Che Jafali

Lolemba
Loweruka mwana wanga Tadala akukwatiwa ku tchalitchi ku Balaka. Ndalumbira pamaso pa mayi ake: sakwera yahayala, ndikamutula ndekha pa galimoto yanga. Vuto ndi loti ikutsokomola ngati nkhalamba yafodya. Che Jafali, makaniko wathu pano pa Ulongwe, akuti ndi mapulagi. Ndagula anayi atsopano. Kumanga ndimanga ndekha, sayansi ndaphunzitsa zaka zambiri ine!

Lachiwiri
Che Jafali ali ku Nselema kokonza chigayo. Pa foni akuti: "Musangomanga, aphunzitsi. Kukamwa kwa pulagi kuli kampata kodumphira moto. Kakhale kongolowa chikhadabo cha chala chachikulu, basi."
Ndayeza ndi changa, ndagogoda ndi sipanala, ndamanga. Galimoto zii.

Lachitatu
Koma chikhadabo chake cha ndani? Changa n'chachoko, chopyapyala. Zoyezera lero:
lezala (yachepa),
chikhadabo cha mayi a Tadala (akaniza, akuti chikudikira utoto wa ukwati),
cha a Phiri apafupiwa, olima thonje (mpata ngati khomo la khola).
Galimoto yalira kamodzi, phuu! Nkhuku zonse balala.
Tadala wabwera ndi tiyi, waima kanthawi pambali panga. Ndamuuza aike pamwala.

Lachinayi
Kupinda, kuwongola, kupinda, kachitsulo ka pulagi imodzi thyo! Ndabwezera yakale.
Mayi a Tadala: "Bambo, minibasi zilipo."
Iyayi!
Tadala akulongedza zovala, akuimba yekha m'chipinda. Ndikumumva ndili pansi pa boneti.

Lachisanu
Che Jafali abwera! Ndathamanga ndi mapulagi m'jumbo, ndawapeza akutuluka mu mzikiti. Ndawagwira dzanja, ndayang'ana chala chija. Chikhadabo chonse awenga, mpaka pamnofu!
"Lero ndi Ijuma, aphunzitsi. Timawenga tisanaswali."
Ndawaonetsa mapulagi aja. Andimvera chisoni, ayeza ndi maso, tafika kunyumba, amanga okha. "Ifika, Insha Allah."

Loweruka
Yalira! Maliboni, mabaluni, nthungululu. Tadala kumbuyo m'velo lake, ine pachiwongolero, tayi pakhosi. Tadutsa msika anthu akutibayibitsa. Tangopitirira pang'ono, khofo, khofo, zii.
Mkwatibwi wakwera minibasi, velo atalikwinyira pamiyendo. Ine ndati ndingoyesa kamodzi kokha, ndiwapeza.
Ndafika pa kabaza, shati ili ndi girisi, malumbiro atatha. M'tchalitchi amulowetsa ndi amalume ake.

Lamulungu
Galimoto ili pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, maliboni akadali pomwepo. Ikhale.
M'nyumba muli zii. M'chipinda cha Tadala mwatsala mphasa ndi msomali wopachikapo zovala. Sabata yake yomaliza pakhomo pano ndaithera kufuna mpata wa pulagi, wocheza ndi mwana wanga sindinaupeze. Zikundiwawa.
Waimba foni masana ano. Ndayamba kupepesa, wandidula.
"Ababa, mwadya?"